Kuthawa ku Germany si kuthawira ku Germany

Funso: Ndine mphunzitsi wa sekondale ndipo ndikulemba m'Chichewa mbiri ya Ernst Busch, woimba komanso katswiri wa zisudzo wa ku Germany amene ankatsatira chikomyunizimu. Mnzanga wati ziganizo izi sizikumveka, koma polakwika penipeni sakupaona: "Mu 1933 a Busch anathawira ku Germany. Kenako apolisi a Gestapo anawagwira n'kumutsekera m'ndende. Nkhondo itatha anasewera Galileo." Chavuta n'chiyani?

Yankho: Mnzanuyo ali ndi khutu labwino, aphunzitsi. Chiganizo choyambacho chatembenuza mbiri yonse. Mmene mwalemberamu, Busch akulowa m'Germany chaka chimene Hitler analowa m'boma, pomwe iye ankatulukamo. Chasokoneza ndi kachidutswa ka -ir- mu "anathawira". Pa aneni oonetsa kuyenda, kachidutswa aka kamaloza kumene munthu akupita. Kakasowa, malo otchulidwawo ndi amene munthuyo akuwasiya. Choncho lembani kuti "anathawa ku Germany" kapena "anathawira ku Netherlands", chifukwa ndiko anayamba kufikira asanapitirire kumayiko ena mpaka ku Soviet Union mu 1935.

Mneni "kusamuka" amayenda chimodzimodzi. Busch anabadwira ku Kiel pa 22 January 1900 ndipo anaphunzira ntchito ya makina pamalo okhomera zombo zapamadzi. Mu 1927 anasamukira ku Berlin. Mukalemba "anasamuka ku Berlin", wowerenga amva kuti wachokako. Koma musaope kuti lamuloli ligwira paliponse. "Anabadwa ku Kiel" ndi "anabadwira ku Kiel" onse akunena malo amodzi, kungoti wachiwiriyo akutsindika malowo, ndipo ndi amene amakoma m'khutu poyamba mbiri ya munthu. Pobadwa palibe ulendo, n'chifukwa chake palibe chotembenuka.

Chiganizo chachiwiri chili ndi mavuto awiri. Loyamba, mwayamba ndi ulemu, "a Busch", "anawagwira", n'kuthera pa "kumutsekera". Vutoli limabisala chifukwa "anathawa" amalembedwa chimodzimodzi, kaya mukunena iye kapena iwo. Limaonekera pa -mu- ndi -wa- m'kati mwa mneni, komanso pa "yake" ndi "yawo". Sankhani njira imodzi kuyambira pamutu mpaka pamapeto.

Musankhe iti? Pa mbiri ngati iyi ine ndingasiye "a" waulemuyo, ndipo sikuti ndi chipongwe. Nkhaniyi yadzaza magulu a anthu: asilikali odzipereka a International Brigades amene Busch ankawaimbira ku Spain kuyambira 1937, akaidi anzake, apolisi. Mukalemba kuti "anawatumiza ku Gurs" kapena "nyimbo zawo anazijambulira ku Barcelona", ndani angadziwe ngati mukunena munthu mmodzi kapena gulu? "Anamutumiza" ndi "nyimbo zake" sizisiya chikayiko. Ulemu uja usungireni polemba za munthu wamoyo kapena pa nkhani ya maliro. Mawu oti "malemu" nawonso sakufunika kwa munthu amene anamwalira mu 1980.

Vuto lachiwiri ndi "anawagwira". Si a Gestapo, apolisi achinsinsi a boma la Hitler, amene anayamba kumugwira. Anagwidwa ku Antwerp mu 1940, anamutumiza kumakampu a kumwera kwa France, Saint-Cyprien ndi Gurs, ndipo mu 1943 anaperekedwa m'manja mwa Gestapo. Mneni woyenera ndi "kupereka". Siyanitsaninso malowo: Gurs inali kampu yosungirako anthu osaweruzidwa, pomwe Moabit ku Berlin, kumene bomba linamuvulaza kumaso, ndi Brandenburg, kumene asilikali a Soviet Union anamumasula mu April 1945, zinali ndende zenizeni.

Tsopano Galileo. "Anasewera Galileo" akumveka ngati Galileo ndi bawo kapena mpira. Chichewa chimasewera masewera, sichisewera munthu. "Anasewera ngati Galileo" amamveka pawailesi masiku ano ndipo sindingakuletseni, ngakhale wina angamve kuti ankangotsanzira kaseweredwe ka Galileo. "Anatenga mbali ya Galileo" ndi bwinoko. Chophweka koposa ndi mmene anthu amanenera akamachokera koonera sewero: "uja anali mfumu uja". Lembani kuti "Mu 1957 Busch anali Galileo m'sewero la Bertolt Brecht kunyumba ya zisudzo ya Berliner Ensemble, Brechtyo atamwalira kale mu 1956." Mukafika pa Die 3-Groschen-Oper, filimu ya G. W. Pabst ya 1931 imene Busch analimo, chitani chimodzimodzi: "anali woimba wa mumsewu", osati "anasewera woimba".