Dothi la ku Koshien ndi anyamata a sukulu ya ulimi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a kusekondale amene amayang'aniranso masewero pasukulu pawo. Akuti anaona kanema pa Facebook: anyamata ometa mipala, mayunifomu ali mbuu, atagwada m'mbali mwa bwalo, akulira kwinaku akukokolola dothi ndi manja n'kumathira m'timatumba. Funso lawo linali lakuti, "Kodi amenewa ndi maliro kapena masewero? Ndipo poti inu mumatsatira baseball, ndi chaka chiti cha ana asukuluwa chimene simudzachiiwala?"

Aphunzitsi, pamenepo mwandikanda poyabwa. Zimene munaonazo ndi za ku Japan, pabwalo la Koshien, mumzinda wa Nishinomiya pafupi ndi Osaka. Bwaloli linamangidwa mu 1924 ndipo ndi kwawo kwa timu ya akuluakulu ya Hanshin Tigers, koma mwezi wa Ogasiti ukafika akuluakuluwo amasamuka, n'kusiyira bwalo ana a sekondale kwa milungu iwiri ndi masiku. Mpikisanowu unayamba mu 1915, nyuzipepala ya Asahi Shimbun ndiyo inauyambitsa, ndipo wailesi ya kanema ya NHK imaonetsa masewero onse, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Matimu oposa 3,000 amayamba kumenyana m'zigawo zawo mu Julaye. Ukagonja kamodzi basi, wapita. Amene munawaona akulirawo anali atangogonja kumene, ndipo kwa a chaka chomaliza, limenelo linali tsiku lawo lotsiriza kuvala yunifomu ya sukulu. Dothilo amatenga kuti akasunge kunyumba. Ena amakathira pabwalo la sukulu yawo kuti ang'ono awo azikaponda pamenepo.

Ndisanapite patali, ndifotokozeko mmene masewerowa amayendera, kuti nkhani yanga isakusokonezeni. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 9. Woponya amaponya mpira, womenya amayesa kuumenya ndi chibonga, akaumenya amathamangira ku besi yoyamba, yachiwiri, yachitatu, mpaka kubwerera pamene anayambira. Akazungulira chonchi ndiye kuti wagoletsa chimodzi. Akapezedwa panjira kapena akauphonya mpira katatu, ine ndizinena kuti wafa, monga timanenera pa fulaye. Akafa atatu, matimu amasinthana. Zigawo zotere zimakhala 9 (zigoli zikafanana amawonjezera zina), ndipo palibe wotchi. Ichi ndiye chimene anthu a mpira wamiyendo chimawavuta kumvetsa: ngakhale mutsogole bwanji, simungataye nthawi mpaka wezulo ilire. Muyenera kupha anthu 27, m'modzim'modzi.

Tsono chaka changa ndi 2018. Unali mpikisano wa nambala 100, ndiye anawonjezera matimu kufika 56 m'malo mwa 49, ndipo oonerera anapitirira 1 miliyoni kwa nthawi yoyamba. Kunali masewero ambiri okoma. Pa 12 Ogasiti, mwachitsanzo, sukulu ya Saibi inatsalira 7–1 kwa Seiryo, n'kugoletsa 8 m'chigawo chimodzi, n'kudzatsaliranso 11–9 m'chigawo cha 13, kenako mnyamata wina wa Saibi n'kumenya mpira umene unakagunda mlongoti wa kumalire, mabesi onse ali ndi anthu. Imeneyo ndiyo home run: mpira ukagunda mlongotiwo kapena kugwera kuseri kwa mpanda, womenya ndi onse a pamabesi amagoletsa. Zinayi pakamodzi, 13–11, nkhani yatha. Chaka china chilichonse bwenzi imeneyo ili nkhani yaikulu. Koma 2018 inalandidwa ndi sukulu ina ya boma yophunzitsa zaulimi, yotchedwa Kanaashi Nogyo, ya ku Akita, kumpoto kozizira kumene chipale chofewa chimakwirira mabwalo miyezi ingapo pachaka.

Kuti mumve kukoma kwake, dziwani kuti masiku ano Koshien imalamulidwa ndi sukulu zolipira, zimene zimasaka ana aluso m'dziko lonse n'kuwagoneka m'mahositelo. Anyamata a Kanaashi onse anali a ku Akita komweko, pasukulu imene ana ake amaphunzira kulima mpunga ndi kuweta nkhumba. Ndipo kuchokera pa masewero oyamba a kwawo mpaka fainolo ya ku Koshien, mphunzitsi wawo sanasinthe munthu ngakhale m'modzi. Anthu omwewo 9, tsiku ndi tsiku. Woponya wawo anali Kosei Yoshida, mnyamata wosatalika kwenikweni, wa mpira wothamanga mpaka makilomita 150 pa ola, wooneka ngati ukukwera m'mwamba ukamafika kwa womenya.

Anayamba ndi Kagoshima Jitsugyo, 5–1. Kenako Ogaki Nichidai, 6–3. Apa anthu ankangoti mwayi wa nzama. Atakumana ndi Yokohama, imodzi mwa sukulu zoopedwa kwambiri, m'chigawo cha 8 anali akutsalira 4–2, ndipo ambiri tinati basi ulendo wathera pano. Ndiye kunabwera mnyamata wina dzina lake Takahashi, amene anali asanamenyepo home run chilowereni kusekondale, anzake awiri ali pamabesi. Anaumenya mpirawo n'kukagwera kuseri kwa mpanda wapakati. 5–4. Yoshida anabwera m'chigawo chomaliza n'kupha anthu atatu motsatizana, palibe anaukhudza bwino mpira.

Koma chimene ndimachionera mobwerezabwereza mpaka lero ndi cha mawa lake, pa 18 Ogasiti, atakumana ndi Ohmi ya ku Shiga. Chigawo cha 9, Kanaashi ikutsalira 2–1, ndipo uwu ndi mwayi wawo wotsiriza. Woyamba wafika pa besi, wachiwiri wafika, wachitatu wafika. Mabesi adzaza, palibe wafa. Amene akubwera kudzamenya ndi wa nambala 9 pamndandanda, malo amene kawirikawiri amaikapo womenya wofooka kuposa onse. Pali njira ina mu baseball imene womenya sazunguza chibonga, amangochigoneka kutsogolo kuti mpira ugunde n'kugubuduka pang'ono chabe, uku mnzake wa pa besi yachitatu atayamba kale kuthamanga. Aliyense m'bwalomo ankadziwa kuti angayese zimenezi, a Ohmi omwe. Anayesadi. Mpira unagubudukira kumbali ya besi yachitatu, wothamanga woyamba analowa, 2–2. Woteteza anautola n'kuponya ku besi yoyamba kuti aphe womenyayo, monga aliyense akanachitira. Chimene sanaone n'chakuti Kikuchi, mnyamata amene anali pa besi yachiwiri, sanaime pa yachitatu. Ataona mmene mpira ukugubudukira anangokhota osacheuka, liwiro la mtondo wadooka, n'kudzigwetsa chafufumimba pa besi yomaliza mpira usanabwerere. Zigoli ziwiri pa kampira kosafika ndi mamita 20 omwe. 3–2.

Makamera anaonetsa wowakha wa Ohmi, amene amawakha mipira pa besi yomaliza, atagona chafufumimba padothi, osadzuka, mpaka anthu anachita kumudzutsa. Ine chithunzi chimenecho chimandikhudza kuposa cha opambanawo. Palibe chimene analakwitsa.

Ku Koshien, timu yopambana imandanda pamzere n'kuimba nyimbo ya sukulu yawo. Ena amangong'ung'udza. A Kanaashi ankaimba atapindikira kumbuyo ngati uta, nkhope kumwamba, kukamwa yasaa, moti dziko lonse linayamba kudikira nyimboyo ngati mbali ya masewero. Pofika apa ndalama za ulendo zinali zitawathera, poti palibe ankaganiza kuti akhala ku Koshien masiku ochuluka chonchi. Anapempha thandizo, ndipo anthu, ena osadziwa n'komwe kumene kuli sukuluyo, anasonkha kuposa zimene zinapemphedwa. Semifainolo anapambana 2–1 pa Nichidai San ya ku Tokyo. Sukulu ya ku Akita inali isanafikenso mufainolo chichokereni 1915, mpikisano woyambirira uja. Zaka 103. Ndipo dera lonse la Tohoku, zigawo 6 za kumpoto kwa chilumba chachikulu, linali lisanatengepo mbendera ya chipambano.

Fainolo inali pa 21 Ogasiti, 2 koloko masana ku Japan, imene kuno inali 7 koloko m'mawa. Ndinakhala ndi foni m'manja, tiyi n'kuzizira, intaneti ikudukaduka. Ndikanakonda kukuuzani kuti a kumudzi anagwetsa chimphona. Ayi ndithu. Osaka Toin, imene anakumana nayo, inali itatenga kale mu Epulo chikho cha mpikisano winanso wa masukulu wa ku Koshien komweko, inali ndi Akira Neo ndi Kyota Fujiwara, amene onse anasankhidwa poyambirira ndi matimu a akuluakulu chaka chomwecho, ndipo inali ndi oponya angapo osinthana. Inagoletsa 3 m'chigawo choyamba, 3 m'chachinayi, 6 m'chachisanu. Yoshida miyendo inali itatha. Pambuyo pa zigawo 5, atagoletsedwa 12, anasiya kuponya n'kupita kukaima kunja kwa bwalo lamkati, mnzake wa pa besi yachitatu n'kutenga mpira. Ngakhale pamenepo sanalowetse munthu watsopano, anangosinthana malo. Zinathera 13–2, ndipo Osaka Toin inakhala sukulu yoyamba kutenga zikho zonse ziwiri m'chaka chimodzi kawiri konse.

Apa ndiye pali chimene ndikufuna tikambirane ngati anthu akuluakulu, poti inu muli ndi ana a eni m'manja mwanu. Yoshida anaponya mipira 881 ku Koshien kokha, m'masewero 6, m'milungu iwiri, dzuwa la Ogasiti likuswa mtengo. Masewero 4 omalizawo anachitika m'masiku 5. Woponya wamkulu wolipidwa ku Japan amaponya kamodzi pa sabata, mipira 100 kapena kupitirira pang'ono, kenako amapuma. Uyu anali ndi zaka 17. Ndipo sanali woyamba. Mu 1998 Daisuke Matsuzaka wa Yokohama anaponya mipira 250 tsiku limodzi, m'masewero a zigawo 17 ndi PL Gakuen, mawa lake n'kulowanso, mkuja wake n'kuponya fainolo yonse popanda womenya bwino ndi m'modzi yemwe. Mu 2006 Yuki Saito wa Waseda Jitsugyo anaponya 948, kuphatikizapo fainolo ya zigawo 15 imene inathera 1–1 n'kubwerezedwa mawa lake. Saito analowa m'timu ya akuluakulu, koma phewa ndi chigongono zinamuvutitsa kwa zaka zambiri mpaka anasiya mu 2021. Nkhani zimene timazikonda kwambiri za ku Koshien pafupifupi zonse zili ndi mkono wa mwana m'kati mwake, ndipo ife oonerera timaombera m'manja mkonowo ukupsa. Ine ndemwe ndinali m'gulu loomba m'manja. Akanamuchotsa Yoshida tsiku la Ohmi, bwenzi nditakwiya.

Chaka chotsatira, 2019, mphunzitsi wa sukulu ya boma ya Ofunato ku Iwate anachita zosiyana. Anali ndi Roki Sasaki, mnyamata woponya makilomita 163 pa ola, ndipo timu yake inangotsala ndi masewero amodzi kuti ipite ku Koshien. Sasaki anali ataponya dzulo lake. Mphunzitsiyo anamukhazika pabenchi, timu n'kugonja 12–2 kwa Hanamaki Higashi. Anthu anamunyoza, ena mpaka kuimbira foni kusukulu. Mu Epulo 2022 Sasaki yemweyo, ali ndi Chiba Lotte Marines, anapha anthu 27 motsatizana popanda wofika pa besi, zimene zinali zisanachitike mu ligi ya ku Japan kwa zaka 28. Sindikunena kuti izi zikutsimikizira kuti mphunzitsiyo analondola. Panali anyamata ena m'timumo amene sadzakhala ndi Epulo 2022 wawo, amene Koshien inali mwayi wawo umodzi wokha, ndipo iwo sanatoleko dothi lija. Komabe mutandifunsa kuti mwana wanga ndingamupereke kwa mphunzitsi uti, sindingachedwe kuyankha.

Akuluakulu a mpikisanowu nawo anagwedezeka. Kuyambira 2020 anaika lamulo lakuti woponya m'modzi asapitirire mipira 500 pa sabata, anawonjezeranso masiku opuma. Ambiri amati 500 yachulukabe, ndipo ine ndikugwirizana nawo. Mbendera ija inafika ku Tohoku mu 2022, pamene Sendai Ikuei inagonjetsa Shimonoseki Kokusai 8–1. Iwo anali ndi oponya 5 osinthana, palibe anathyoka. Chodabwitsa n'chakuti ndikatseka maso sindikumbuka nkhope ya m'modzi mwa asanuwo, koma Yoshida akupukuta misozi pamzere ndimamuona bwinobwino.

Kanaashi inabwereranso ku Koshien mu 2024, woponya wake ali mng'ono wake wa Yoshida, ndipo inagonja masewero oyamba.

Za kanema wanu uja, aphunzitsi, kamuonereninso ndipo muyang'anitsitse kumbuyo kwa ogwadawo. Nthawi zambiri mumapeza mnyamata m'modzi kapena awiri ataimirira, akutolera zibonga ndi zipewa, osakhudza dothi. Amenewo amakhala a chaka choyamba kapena chachiwiri, ndipo ena a iwo amakana dala kutola, ati adzatola chaka chamawa akadzabweranso.