Kwa amene mwafunsa za ulendo wa ku Bugøynes

Achemwali, mwafunsa ngati pa masiku anayi amene mukhale ku Kirkenes, tauni ya kumpoto kwa Norway, mwezi wa Juni n'koyenera kupatula tsiku lopita ku Bugøynes, poti anzanu akuti kulibe china choona koma nkhanu. Ine ndinakagonako usiku umodzi. Pitani ndithu, koma musakangodya nkhanuyo n'kutembenuka tsiku lomwelo.

Kamudziko kali m'mphepete mwa Varangerfjord (fjord ndi nyanja yolowerera kumtunda), kumpoto chakum'mawa kwenikweni kwa Norway, ndipo anthu ake ndi pafupifupi 200 basi. Kuchokera ku Kirkenes ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Mumatsata msewu wa E6, kenako n'kukhotera kamsewu kamene kamathera pamudzipo. Mabasi ndi apatalipatali, ndiye bwerekani galimoto.

Mudziwu uli ndi dzina lina, Pykeija, ndipo ambiri amautcha Finland wamng'ono. Amene anaukhazikitsa m'zaka za m'ma 1800 anachokera ku Finland. Dziko lawo linagwidwa ndi njala yoopsa kuyambira 1866 mpaka 1868, mbewu zitapsa ndi chisanu, ndiye mabanja ambiri analowera kumpoto kutsata nsomba, chifukwa nyanja ya kumeneko siuma ngakhale nthawi yozizira. Zidzukulu zawo ndi amene amatchedwa Akven. Boma la Norway linayesetsa kwa zaka zambiri kuti asiye chinenero chawo: kusukulu ankaphunzitsidwa Chinorway chokha, ndipo lamulo la 1902 linkati malo a boma ku Finnmark, chigawo chimene kuli mudziwu, azigulitsidwa kwa odziwa Chinorway okha. Chikven chinadzavomerezedwa ngati chinenero pachokha mu 2005. Ku Bugøynes msewu unafika mochedwa, m'ma 1960, ndipo kudzipatula kumeneko kunathandiza kuti chinenero chisafe msanga. Ine chimene chinandikhudza mtima ndi kumva agogo awiri padoko akucheza m'chinenero chimenecho, kenako n'kusintha kulankhula Chinorway mwana atawadutsa. Mukapita kumanda werengani maina a pamiyala, mudzaona ambiri a Chifinishi.

Yang'ananinso nyumba zamatabwa. Mu 1944 asilikali a Germany pobwerera m'mbuyo anatentha pafupifupi midzi yonse ya Finnmark, koma Bugøynes inapulumuka. Nyumba zakale ngati zimenezi m'chigawo chonsecho n'zosowa.

Nkhanu ija nayo ili ndi mbiri yake. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 nsomba zinasowa, fakitale ya nsomba inagwa, ndipo mu 1989 anthu a m'mudzimo analengeza m'nyuzipepala ya Dagbladet kufunsa ngati kuli dera limene lingawalandire onse pamodzi. Tangoganizani, mudzi wathunthu kupempha kosamukira! Sanasamuke. Nkhanu zikuluzikulu zimene akatswiri a Soviet Union anazichotsa ku Pacific n'kuziika m'nyanja ya Barents m'ma 1960 zinafalikira mpaka kumeneko. Poyamba asodzi ankadana nazo chifukwa zinkang'amba maukonde, koma lero ndi zimene zikudyetsa mudziwo, ndipo zimatumizidwa zamoyo kumayiko akutali. Idyani, ndi yokoma, ngakhale mtengo wake ndi wokwera.

Mu Juni dzuwa sililowa konse, ndiye tengani kansalu kophimba m'maso pogona. Kuwalako kusakupusitseni, mphepo ya kunyanja imalasa mpaka m'mafupa, choncho jekete yotchinga mphepo, chipewa ndi magolovesi zisatsale. Malo ogona ndi ochepa, sungitsiranitu. Funsaninso za sauna, kanyumba kosambiramo nthunzi kamene Afinishi sasiyana nako. Anthu amatuluka mmenemo n'kudziponya m'nyanja. Ine ndinalowa mpaka m'mawondo, ndipo sindinong'oneza bondo kuti ndinayesa.

Mukakhala ndi tsiku lina, zungulirani fjord ija mukafike ku Vadsø, tauni imene Akven amaitcha Vesisaari. Kuli chipilala chokumbukira anthu ochokera ku Finland, chimene chinatsegulidwa mu 1977 pamaso pa Mfumu Olav V ya Norway, Mfumu Carl XVI Gustaf ya Sweden ndi Pulezidenti Urho Kekkonen wa Finland, komanso nyumba ya Tuomainen yosonyeza mmene banja la Chikven linkakhalira. Kukacha bwino Vadsø imaoneka tsidya lina muli ku Bugøynes, koma pamsewu ndi ulendo woposa ola, ndiye thirirani mafuta ku Varangerbotn.