Khodi ya crypto simafika ndikawoloka malire

Funso: Achimwene, ndikangowoloka malire pa Calomue kuchokera ku Mozambique kupita ku Dedza khodi ya SMS yolowera mu akaunti yanga ya crypto (ndalama za pa intaneti) simafika ndiye ndalama sindingazikhudze, nditani? Wowerenga wa ku Ulongwe.

Yankho: Bambo, SMS imadalira netiweki ya SIM yanu, komanso akuba akasamutsira nambala yanu pa SIM ina basi khodi ikupita kwa iwo. M'malo mwa SMS ikani pa foni pulogalamu ya Google Authenticator, imatulutsa khodi ya manambala 6 atsopano masekondi 30 aliwonse olo mulibe data, bola nthawi ya pa foni ikhale yolondola apo ayi khodi ikanidwa. Poyilumikiza ndi akaunti yanu, a kampani ya crypto akupatsani kiyi yaitali ya zilembo ndi manambala, ilembeni papepala musunge kunyumba osati mu WhatsApp, foni ikabedwa pamsika kiyi yomweyo ndiyo idzakubwezereni makhodi. Wina akaimba kuti ndife a kampani tiuzeni khodi, dulani foni.