Kodi kalankhulidwe kamaumba mmene timadzionera?

Achimwene, mwafunsa ngati malamulo a chilankhulo amakhudza mmene munthu amadzionera, ndipo ine ndikuti amakhudzadi, ngakhale kuti si pa zonse. M'Chichewa timati "mantha andigwira" kapena "chisoni chandigwira". M'ziganizo zotere mantha ndi chisoni ndiwo ochita, pamene munthuyo ali wogwidwa ndi chinthu chomubwerera kuchokera kunja. Mwina n'chifukwa chake namfedwa ku Ndirande sitimukalipira kuti aleke kulira, koma timagona naye pa siwa mpaka mwambo utatha. Onaninso za ulemu. Mwana wa ku Chilomoni amazolowera kunena "inu" kwa amayi ake, osati "iwe", asanayambe n'komwe sukulu, motero amadziwa malo ake pakati pa akuluakulu mphunzitsi asanamuuze.