Mwana wanga akupita ku Nördlingen: ndi tauni kapena mudzi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Mwana wawo wamkazi wapeza malo ophunzira ntchito ku Nördlingen, m'chigawo cha Bavaria ku Germany. Mayiwa atayang'ana pamapu a pafoni anaona kamzinda kozungulira ngati lichero. Anandifunsa kuti: "Akuti malowa ndi akale kwambiri, koma kuli anthu 20,000 okha. Kodi mwana wanga akupita kutauni kapena kumudzi? Nanga ngati ndi akale, anthu ake anapita kuti?"

Mayi, mtima ukhale m'malo. Ndi tauni ndithu: chipatala chilipo, masukulu alipo, sitima yapamtunda imafika. Lichero munaonalo ndi linga lamiyala limene mfumu Ludwig inalamula kuti limangidwe mu 1327. Kutalika kwake n'kopitirira pang'ono makilomita awiri ndi theka, lili ndi zipata zisanu, ndipo munthu amatha kuyenda pamwamba pake mpaka kubwerera pomwe anayambira.

Koma funso lanu lachiwirilo ndi limene landigwira mtima, chifukwa yankho lake ndi lachisoni.

Dzina la Nördlingen linalembedwa koyamba mu 898. Mu 1215 mzindawu unapatsidwa ufulu wodzilamulira, osagwadira wina aliyense kupatula mfumu yaikulu ya madera onse a Majeremani. Chuma chake chinali pamsika wapachaka wa nthawi ya Pentekosite, umene amalonda ankabwerako kuchokera kutali. Anthu oomba nsalu ndi ofufuta zikopa analemera, ndipo nyumba zazitali za ofufuta zikopawo, zimene ankayanikamo zikopa m'mwamba, zikadalipo m'mbali mwa mtsinje wa Eger. Ndalama zimenezi ndi zomwe zinamanga tchalitchi chachikulu cha St. Georg kuyambira mu 1427. Pofika 1618 mumzindamu munali anthu pafupifupi 9,000, ndipo pa nthawi imeneyo chiwerengero chotere sichinali chamasewera.

Chaka chomwecho kunabuka nkhondo imene inatenga zaka 30. Nördlingen unali mzinda wa Chilutera. Mu Ogasiti 1634 asilikali a mfumu yaikulu, yomwe inali ya Chikatolika, anauzinga. Taganizirani, Mayi: anthu a m'midzi yozungulira athawira m'lingamo ndi ana awo, zipata zatsekedwa, chakudya chikutha, kenako mliri n'kulowa. Linga lomwe linamangidwa kuti liwateteze linasanduka khola. Asilikali a ku Sweden ndi anzawo a Chipulotesitanti anabwera kudzawapulumutsa, koma pa 6 Seputembala anagonjetsedwa koopsa pa zitunda za kum'mwera kwa mzindawu, ndipo mzinda unagonja. Nkhondo itatha mu 1648, anthu otsala anali pafupifupi theka la omwe analipo poyamba.

Mabala a nkhondo amapola ngati pali chodyera. Apa panalibe. Malonda aakulu anali atasamukira kumadoko a kunyanja, msika wa Pentekosite unazilala, ndipo Nördlingen unatsala kamzinda kogulitsirako mbewu ndi ziweto za alimi a m'deralo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 unataya ufulu wake n'kulowa pansi pa Bavaria. Sitima inafika mu 1849, koma sinabweze ulemerero wakale. Chiwerengero cha anthu cha mu 1618 chija chinadzakwananso mu 1939. Zaka 321! Ine ndikafika pamenepa ndimayamba ndaima kaye, chifukwa ndi mibadwo yoposa khumi ikubadwa ndi kufa mzinda usanabwezeretse anthu ake.

Anthu 20,000 a lero anachuluka m'njira ziwiri. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, kunabwera Majeremani ambiri othamangitsidwa kumaiko a kum'mawa. Kenako m'zaka za m'ma 1970 midzi ingapo yozungulira inaphatikizidwa ku tauniyi. Choncho ambiri mwa anthuwo sakhala m'kati mwa lichero lija ayi, ndipo mwina mwana wanunso adzapeza chipinda kunja kwake.

Linga nalonso linatsala pang'ono kutha. Anthu anali atayamba kuligumula, koma mu 1826 mfumu ya Bavaria, Ludwig I, inaletsa. Inachita bwino kwambiri.

Muuzeni mwanayo kuti akakhazikika akakwere nsanja ya tchalitchi chija, imene eni ake amaitcha Daniel. Ndi yotalika mamita 90 ndipo masitepe ake ndi pafupifupi 350. Ine nditakwera, mawondo akunjenjemera, ndinaona madenga ofiira atapanikizana pansi panga, kunja kwa linga minda yafulati, ndipo kutali zitunda zitazungulira mbali zonse ngati mkombero wa mbale. Chigwa chimenechi, chotchedwa Ries, n'chotambalala makilomita pafupifupi 25. Kale ankati ndi phiri lophulika lomwe linazima, mpaka mu 1960 pamene akatswiri a miyala Eugene Shoemaker ndi Edward Chao anatsimikiza kuti chinakumbidwa ndi chimwala chochokera mumlengalenga zaka pafupifupi 15 miliyoni zapitazo. Mwanayo akagwire khoma la tchalitchicho: mwala wake ndi wotuwa, wokhakhala, wokhala ndi timadontho takuda, ndipo unapangika pa kugunda komweko. Mu 1970 anthu amene ankakonzekera ulendo wa kumwezi wa Apollo 14 anabwera kudzaphunzira miyala imeneyi.

Chinthu chimodzi mumuchenjezeretu kuti asadzadzidzimuke. Pansanjapo pamakhalabe mlonda mpaka lero, ndipo usiku uliwonse kuyambira 10 koloko mpaka pakati pa usiku, theka lililonse la ola, amatsegula zenera n'kufuula kuti "So, G'sell, so!" Akadzamva mawu amenewa ali pabedi, asayese kuti kwagwa zovuta. Mundilemberenso akafika, Mayi, ndimve ngati wapeza pogona pabwino.