Musamumange mwanayo, konzani pakhomo

Achemwali, mwafunsa za mwana wanu wa zaka ziwiri amene akukwera patebulo, pazitsulo za pazenera, kudumpha pakhonde mopanda mantha, ndipo apongozi akuti muzingomubereka kapena kumutsekera m'nyumba. Ndalera mnyamata wotere, mtima wanu ndikuumva.

Mwanayo si wamwano ayi, thupi lake likufuna ntchito. Malangizo a mu 2019 a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati mwana wa msinkhu umenewu azisewera moyendayenda maola osachepera atatu patsiku, ndipo asakhale womangika pamalo amodzi kupitirira ola limodzi, ngakhale kumsana kwa mayi ake. Apongozi afotokozereni mwaulemu, akunena chifukwa chokonda mdzukulu wawo.

Chimene chinandithandiza ine ndi kusiyanitsa zosupula bondo ndi zakupha. Kugwa pakhonde lalifupi n'kudzuka ndi chotupa pachipumi, zimenezo zimapola. Koma madzi, moto, palafini ndi msewu sizipereka mpata wachiwiri.

Za madzi ndinazionera pafupi. Tsiku lina ndikuyanika zovala, ndinangomva kuti zii. Potembenuka, mwana wanga wazondoka m'ndowa yochapira, timiyendo m'mwamba, osalira n'komwe. Madzi ake anali osafika ndi theka. Ana amenewa mutu umalemera, akaweramira m'ndowa sangathe kudzukamo okha, ndipo womira sakuwa. Kuyambira pamenepo ndikatha kuchapa ndimataya madzi nthawi yomweyo n'kuvundikira ndowa, mgolo umakhala wotseka. Ngati muli ndi chitsime kapena dzenje la chimbudzi losamalizidwa, bambo ake alitseke lero ndi chinthu cholemera, makamaka dzinja likamayandikira.

Mbaula isakhale panjira yake, ndipo chogwirira poto chiloze kukhoma. Phala ndi tiyi wotentha musasiye pamkeka kapena m'mphepete mwa tebulo loyala nsalu, amakoka. Akapsa, thirani madzi ozizira oyera pamalopo kwa mphindi 20, kenako kuchipatala. Osapaka Colgate, dzira kapena mafuta ophikira, chonde. Ku Queens ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuli mawodi a anthu opsa, ndipo ana aang'ono amagonekedwako ambiri.

Palafini musamuike m'botolo la Fanta, mwana amaona chakumwa. Akamwa musamusanzitse, chifukwa posanza amalowa m'mapapo, thamangirani kuchipatala. Mankhwala a makoswe, feteleza ndi mapilitsi a agogo zikhale mokhoma. Geti lizikhala lotseka, ndipo galimoto ikamabwerera m'mbuyo pakhomo, mwanayo akhale m'manja mwa munthu wamkulu, osati mwa mwana mnzake wa zaka zisanu ndi chimodzi.

Zimenezi mukakonza, musiyeni akwere! Mupezereni matayala akale awiri atatu, mulu wa mchenga, chipika chachifupi, matiresi pansi oti azidumphirapo. Muphunzitseni kutsika chafutambuyo, mimba pansi, miyendo kutsogola. Wanga ndinamuonetsa kangapo pampando, posakhalitsa anayamba kuchita yekha paliponse. Ndipo musamukweze pamalo amene sangathe kufikapo yekha, chifukwa kutsikanso kwake sangakuthe.

Mawu oti “ugwa! ugwa!” tsiku lonse amangomuzolowera khutu. Imani pafupi n'kumuuza chochita: “gwira apa,” “ponda apo.” Mawu okweza asungireni moto ndi msewu, kuti akawamva aziima pomwepo.

Akagwa n'kumenyetsa mutu, muyang'anireni tsiku lonse ndi usiku womwe. Akalira, n'kutonthola, n'kubwerera kosewera, nthawi zambiri palibe vuto. Koma akakomoka, akamasanza mobwereza, akamagona movuta kumudzutsa, akamaphupha, kapena magazi kaya madzi akamatuluka m'khutu kapena m'mphuno, musadikire kuti kuche. Tengani buku lake la kuchipatala, mupeze wokunyamulani, muzipita.