Ndikufuna kugwira mkombero, koma bondo layamba kuwawa

FUNSO: A Mphunzitsi, ndine mnyamata wa zaka 16 wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia, ndipo ndimasewera basiketibo pabwalo lasimenti la kusukulu kwathu. Msinkhu wanga ndi masentimita 174, ndipo ndikaimirira n'kukweza dzanja ndimafika pa masentimita 230. Ndikadumpha ndimangokhudza ukonde. Kwa miyezi iwiri ndakhala ndikudumpha ka 200 tsiku lililonse nditamanga timatumba tamchenga mu akakolo, koma palibe chasintha, kungoti bondo lakumanzere layamba kuwawa cham'munsi. Nditani kuti ndidzagwire mkombero?

YANKHO: Mphwanga, timatumbato umasule lero lomwe, ndipo usiye kaye kudumpha. Ululu wa m'munsi mwa bondo mwa anyamata a msinkhu wako kawirikawiri umachokera pamalo pamene mtsempha wa bondo umagwira fupa la mwendo, chifukwa fupalo limakhala lisanakhwime pamene mtsemphawo ukulikoka mobwerezabwereza. Madokotala amati vutoli ndi Osgood-Schlatter. Ine ndinaonapo mnyamata waluso kwambiri amene ananyozera ululu wotere mpaka anafika pomakwera masitepe a kalasi atagwira khoma, ndipo chaka chonse anangoonerera anzake akusewera. Ngati pamalopo patupa, kapena ululu sukuchepa utapuma masabata awiri, pita kuchipatala akakuone.

Tsopano tiwerengere limodzi. Mkombero umakhala pa masentimita 305 kuchokera pansi, ndiye kuti iwe ukufunika kudumpha masentimita 75 kuti uukhudze, ndi ena pafupifupi 15 pamwamba pake kuti ulowetse mpira ndi dzanja. Ndi ulendo wautali, koma msinkhu suutseka: Spud Webb, wa masentimita 170 okha, anapambana mpikisano wolowetsa mpira motere wa NBA, ligi yaikulu ya basiketibo ku America, mu 1986. Bondo likachira, paka choko kunsonga za zala, uike chizindikiro pakhoma utaimirira, kenako china utadumpha. Mpata wa pakati pa zizindikirozo ndiye kudumpha kwako kwenikweni, ndipo uziuyeza kamodzi pamwezi basi.

Cholakwika chachikulu pa zimene wakhala ukuchita n'chakuti kudumpha ka 200 kumaphunzitsa miyendo kupirira, osati kufwamphuka. Pofika ulendo wa 30 minofu imakhala yatopa kale, ndipo maulendo otsalawo umangodumpha pang'ono uku maondo akumenyeka pasimenti. Munthu amapita m'mwamba chifukwa cha mphamvu imene ntchafu, matako ndi akatumba zimakankhira nthaka m'kanthawi kochepa kwambiri, choncho mphamvuyo iyenera kupezeka kaye, liwiro lake n'kubwera pambuyo.

Masabata 6 oyambirira akhale omanga mphamvu, katatu pamlungu. Uzinyonyomala pang'onopang'ono mpaka ntchafu zitalingana ndi maondo, zidendene zili pansi ndipo msana uli wowongoka, kenako n'kudzuka mwamphamvu. Uchite ka 10, upume, ubwereze katatu. Zikayamba kupepuka, kumbatira pachifuwa chigubu cha malita 5 chodzaza madzi, chimene chimalemera makilogalamu 5, ndipo pakapita nthawi utenge cha malita 10. Mchenga uja usautaye, uuthire m'chikwama n'kubereka kumsana pokwera ndi mwendo umodzi pa benchi lolimba, chifukwa kumsana umalemetsa thupi lonse, pamene mu akakolo umangokoka bondo ndi kusokoneza kadumphidwe. Zolimbitsa mwendo umodziumodzi ndimazikonda kwambiri, pakuti m'masewera nthawi zambiri munthu amanyamuka ndi mwendo umodzi akuthamanga. Kwanuko zitunda sizisowa, ndiye kuthamanga mokwera chitunda kwa masekondi 10 n'kutsika ukuyenda kudzakupatsa zambiri popanda kugula chilichonse.

Pambuyo pake ndi pamene uyambe kudumpha, kawiri pamlungu, pa udzu kapena dothi lofewa, ndipo pakati pazidutsa masiku awiri opuma. Ukatenthetsa thupi, dumpha kasanu ndi mphamvu zako zonse, upume mphindi ziwiri, ubwereze kanayi kapena kasanu, ndipo ukangoona kuti sukufikanso pamene unayambira, lekera pomwepo. Manja usawaiwale: uziwaponya kumbuyo ponyonyomala ndi kuwaponya m'mwamba ponyamuka, ndipo phazi lomaliza lizitera mofulumira. Anyamata ambiri amapeza masentimita angapo pongokonza zimenezi. Kudumpha kotsika pabokosi n'kunyamukanso nthawi yomweyo, kumene katswiri wa zamasewera Yuri Verkhoshansky anakutchukitsa ku Soviet Union, n'kothandizadi, koma n'kwa miyendo yokhwima, ndipo iwe sindikukulola chaka chino.

Minofu imakula pamene ukupuma, choncho uzigona maola osachepera 8. Chakudya cha ku Angónia n'chokwanira: nsima, nyemba, soya, mtedza, mazira ndi mbatatesi. Mankhwala a m'mabotolo amene amati amakuza minofu usawataire ndalama.

FUNSO: A Mphunzitsi, ndine mtsikana wa zaka 15 wa ku Moatize. Anzanga akuti zolimbitsa miyendo ndi za anyamata ndipo zidzandilepheretsa kutalika. Kodi n'zoona?

YANKHO: Mlongo wanga, si zoona. Zolimbitsa thupi zochitidwa mwadongosolo, ndi katundu wogwirizana ndi mphamvu zako, sizifupikitsa munthu. Ukumbukenso kuti m'dziko muno la Mozambique atsikana ndi amene atitengera kutali pa masewerawa: Clarisse Machanguana anasewera mu WNBA, ligi ya basiketibo ya amayi ku America, ndipo timu yadziko ya amayi inafika ku mpikisano wadziko lonse ku Turkey mu 2014. Zonse ndauza mnyamata wa ku Ulongwe ndi zakonso, koma iwe usamale kwambiri katsikidwe, chifukwa atsikana amavulala mtsempha wa m'kati mwa bondo kawirikawiri kuposa anyamata. Uzitera ndi kutsogolo kwa mapazi, mopanda phokoso, maondo atapindika ndiponso ataloza kumene zala zaloza, osati kugwera m'kati ngati akufuna kugundana. Mnzako aziima kutsogolo kwako n'kumakuuza akaona bondo likulowa. Popeza kwanuko kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, uzichita zimenezi m'mamawa dzuwa lisanakwere, uli ndi botolo la madzi pambali.